Ntchito ikayamba kukudyani: zoyenera kuchita sitiresi isanakugwetseni

Ambirife tikudwala ntchito koma sitinena. Wina akatifunsa timangoti "ndangotopa basi," kenako timameza panado awiri ndi madzi apampopi n'kubwerera pa desiki. Namwino amene wagwira naiti yekha mu wodi yodzadza mpaka odwala ena agona pansi, mphunzitsi wa sitandade 2 amene mawu anasasa kale chifukwa cha kukuwa pamaso pa ana oposa 100, telala wa ku banki amene 5 koloko yakwana ndalama sizikubalansa, mlonda wa pa geti, mtsikana wa mu shopu amene amaimirira kuyambira kutsegula mpaka kutseka, onsewa nkhani yawo ndi imodzi. Ndiye poti ntchito ikusowa tinazolowera mawu oti bola kupirira, ukadandaula panja pali anthu ambirimbiri akufuna mpando wakowo. Ine zimenezi ndimazikana. Kupirira sikuchiza kanthu, kumangochedwetsa tsiku logwa, ndipo ukagwa ntchito ija amailengeza mu nyuzi mwezi usanathe koma ana ako alibe kolengeza bambo kapena mayi wina.

Si nkhani yongoopsezana. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la za ntchito la ILO anatulutsa zoti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola ambiri. Munthu amene amagwira maola 55 kapena kuposa pa sabata, chiopsezo chake cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi amene amagwira maola 35 mpaka 40. Tawerengani anu a sabata yathayi, muphatikize ndi Loweruka lija munangoti ndikamalizitse lipoti.

1. Zindikirani kaye kuti si kutopa wamba

Kutopa wamba kumatha ukagona. Uku kwina sikutha. Umadzuka m'mawa ngati sunagone, Lamlungu madzulo mtima umayamba kugunda ukangokumbuka kuti mawa ndi Lolemba, foni ikalira n'kuona dzina la abwana m'mimba mumachita kuti thuu. Chikuchitika n'chakuti thupi likaona ngozi limatulutsa michere iwiri, adrenaline ndi cortisol, kuti mtima uthamange, shuga akwere m'magazi, minofu ikungike, munthu athe kuthawa kapena kulimbana. Zimenezi n'zabwino galu akakuthamangitsa, zimatha pa mphindi zochepa. Koma ngati "ngoziyo" ndi tageti ya mwezi ndi mwezi, thupi silipeza mpata wobwerera m'malo mwake, limangokhala chikungikire miyezi.

Zizindikiro zake ndi izi: mutu wowawa cha kumbuyo kutsikira m'khosi ndi m'mapewa, kusowa tulo kapena kudzidzimuka 2 koloko usiku maganizo ali pa ntchito, kutentha pamtima, kusafuna kudya kapena kudya mosaona kukhuta, chimfine chosatherapo, kukwiya ndi tinthu tating'ono moti mwana akangogwetsa kapu wamukalipira ngati wapha munthu, komanso chilakolako cha m'banja kuzilala, chimene anthu sakonda kuchitchula koma chaphwasula mabanja chifukwa winayo amaganiza kuti kunja kuli chibwenzi.

Pa ntchito penipeni zimaonekanso. Umaiwala zinthu zophweka, umawerenga imelo katatu osamva, umalakwitsa manambala amene kale unkawachita uli mtulo, ntchito ya ola limodzi imadya tsiku lonse ndiye umakhalira mpaka usiku, mawa lake umabwera wotopa kwambiri n'kulakwitsanso zambiri. Zikafika poti odwala, ana asukulu kapena makasitomala ukungowaona ngati chosokoneza, osamvanso chifundo chimene unali nacho poyamba, ndiye kuti wafika pa chimene amati burnout. WHO inachilemba mu 2019 kuti chimachokera ku sitiresi ya kuntchito imene yakhalitsa osaisamalira, ndipo chimadziwika ndi zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pa ntchito, ndi kulephera kugwira bwino monga kale. Namwino wokalipa uja timamunena mu minibasi, nthawi zina sanabadwe choncho, anafika pamenepa.

2. Tengani kope mulembe kwa masabata awiri

Apa musadumphe olo pakuoneka ngati pachibwana. Kakope ka ana asukulu kakwana. Tsiku lililonse mukaweruka lembani nthawi imene munalowa, nthawi imene mwatuluka, ngati munadya lanchi, chimene chinakupwetekani mutu kwambiri tsikulo, ndi maola amene munagona usiku wathawo. Mizere isanu basi.

Chifukwa chake n'chakuti munthu akapanikizika zonse zimasakanikirana, amangoti ntchito yonseyi yandikwana. Koma mukawerenga kopelo pakutha pa masabata awiri mupeza kuti zokupwetekani si zambiri, n'ziwiri kapena zitatu zimene zikungobwerezabwereza. Kawirikawiri zimakhala mwa izi: ntchito yachuluka kuposa manja, mwina mnzanu anachoka chaka chatha sanalembe wina inu mukusenza ziwiri, kapena ndi munthu mmodzi, bwana wokalipa pagulu kapena mnzanu wamiseche, kapena simukudziwa bwinobwino udindo wanu, mabwana awiri aliyense akukutumani zake, kapena ndi mantha a kontirakiti imene ikutha Disembala palibe akunena kanthu, kapena si ntchito n'komwe, ndi ndalama. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yake, ndiye ngati simunadziwe chanu muzingomwa mankhwala a nthenda ina.

Kopelo lidzakuthandizaninso kutsogoloku pokamba ndi abwana kapena a leba, musalisiye mu dirowa ya ku ofesi.

3. Pitani akakuyezeni BP

Sabata yomweyino. Ku helefi senta amayeza, m'mafamase ambiri amayezanso, sizitenga mphindi zisanu. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira maulendo angapo, imeneyo ndi yokwera ndipo ikufunika dokotala, osati adyo ndi mandimu okha. Vuto la BP n'loti siimveka, munthu amayenda nayo bwinobwino mpaka tsiku limene mkono wafooka pakamwa papotoka. Muyezetsenso shuga ngati n'kotheka.

Ndipo chonde chepetsani zomangodzigulira mankhwala pa okala. Bufeni, indosidi ndi asipirini mukamamwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu, zimakanda m'mimba mpaka zilonda. Ambiri amati ma alasa awo abwera ndi maganizo, koma zoona zake n'zoti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena ndi mankhwala omwewa, sitiresi imangokolezera. Kachilomboko kali ndi mankhwala ake ku chipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa kotsikira ku mkono wamanzere, kubanika, kapena mbali imodzi ya thupi kuchita dzanzi, musadikire kuweruka, musapemphe n'chilolezo chomwe, pitani ku chipatala.

4. Dziwani zimene lamulo linakupatsani kale

Anthu ambiri amapempha holide ngati akupempha chifundo, pamene ndi yawo. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti maola wamba asapitirire 48 pa sabata, zoposa apo ndi ovataimu. Ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lanu lopuma kapena la holide ya boma ndi kawiri. Mukagwira masiku 6 otsatizana muyenera kupuma maola 24 athunthu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa amene amagwira masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa amene amagwira masiku 5, mukulandira malipiro. Mukatha chaka pa ntchito muli ndi masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, bola pakhale kalata ya ku chipatala. Amayi ali ndi masabata 8 a uchembere. Awa ndi malire apansi, kontirakiti yanu ikhoza kukupatsani zoposa koma osati zochepera.

Ndiye fufuzani kontirakiti ija munasaina mukunjenjemera ndi chimwemwe osaiwerenga, muiwerenge lero. Funsani a HR kuti masiku anu a holide atsala angati. Mudabwa kupeza kuti ena muli ndi masiku a zaka ziwiri osatenga. Atengeni, ndipo mukatenga musakawathere onse kumunda kapena pa sayiti poyang'anira amisiri, siyaniko masiku atatu ongokhala.

5. Kambani ndi abwana, koma mukonzekere

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timasunga mumtima miyezi isanu ndi umodzi, kenako tsiku lina timaphulika pa miting'i pamaso pa anthu, mawa lake kalata ya chenjezo. Kapena timangokhala chete n'kuyamba kudwala Lolemba lililonse. Zonse ziwiri zimakuonongerani mbiri ndipo katundu uja sachepa.

Sankhani nthawi yabwino, osati kumapeto kwa mwezi pamene nawonso akuthamangitsidwa ndi akuluakulu awo, osatinso pa kolido. Apempheni mwaulemu: "Bwana, ndimati mukapeza mpata mundipatseko mphindi khumi, pali za ntchito zimene ndikufuna mundithandize nzeru." Mukalowa musayambe ndi mawu oti ndili ndi sitiresi, mabwana ambiri akuno akamva zimenezo amamva ngati ulesi. Yambani ndi ntchito. Tulutsani pepala limene mwalemba zonse zili m'manja mwanu, n'kunena kuti: "Sabata ino ndili ndi lipoti la mwezi, ma risiti a ku fildi, ndi miting'i ya Lachinayi. Zonse zitatu pofika Lachisanu sizituluka bwino, ndikuopa ndingalakwitse manambala. Mwa izi, chimene mukufuna chiyambe n'chiti, ndipo n'chiti chingadikire mpaka Lachiwiri?"

Taonani kuti simunakane ntchito, simunanyoze munthu, mwangobweza mpira kwa mwini wake woyenera kusankha. Bwana aliyense amaopa lipoti lolakwika kuposa lipoti lochedwa masiku awiri, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuchuluka kwa zimene anakuunjikirani chifukwa ankakupatsani chimodzichimodzi inu n'kumangoti "chabwino bwana." Mawu amenewa, chabwino bwana, atipweteka kwambiri. Phunzirani ena oti: "Ndichita bwana, koma ndiye kuti chakuti chija chiima kaye, zili bwino?"

Pitani ndi pempho limodzi kapena awiri odziwika bwino, osati madandaulo khumi. Mwina kusinthana ma naiti kuti asatsatizane ambiri, mwina wina wothandiza masiku otseka mwezi, mwina kulowa 7 n'kutuluka 4 kuti mupewe mzere wa magalimoto, mwina kuti ntchito zizidzera kwa bwana mmodzi. Mukatuluka tumizani ka imelo kapena ka meseji kakafupi kothokoza ndi kubwereza zimene mwagwirizana. Si kuchenjera, n'kuti mwezi wamawa pasadzakhale zoti sindinanene choncho.

Ngati vuto ndi la nonse, musapite nokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi akadandaula amatchedwa wovuta pamene asanu akapita limodzi imakhala nkhani ya dipatimenti. Amene muli ndi yuniyoni igwiritseni ntchito, aphunzitsi muli ndi TUM, anamwino ndi azamba muli ndi NONM, ena ambiri ali pansi pa MCTU, mgwirizano wa mayuniyoni m'dziko muno, ndalama zija amakudulani pa peyisilipu ndi za zimenezi.

Koma pali zina zosafunika kukambirana mwaulemu. Bwana amene amakugwiragwirani, kukutumizirani mameseji achipongwe usiku, kapena kunena kuti kontirakiti iwonjezedwa mukamulola, ameneyo akupalamula mlandu pansi pa Gender Equality Act ya 2013. Musafufute mameseji, jambulani, lembani masiku, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kenako kanenani kwa a HR, ku Malawi Human Rights Commission kapena ku polisi. Achemwali ambiri akuonda ndi nkhani imeneyi anthu n'kumati ndi ntchito yachuluka.

6. Ikirani foni malire

Kale ukaweruka unkaweruka. Pano gulupu ya WhatsApp ya ku ofesi imalira mpaka 10 koloko usiku ndipo munthu umayankha uli pa mphasa ukudya nsima. Ikani gulupuyo pa mute kuyambira nthawi imene mwasankha, auzeni anzanu kuti chikakhala changozi aimbe. Mudzaona kuti zoimbira foni zenizeni n'zochepa kwambiri. Sabata yoyamba mtima uzikuvutani, yachiwiri anthu azolowera.

Masana, lanchi idyereni kutali ndi desiki olo ikhale mbatata ndi mtedza. Ntchito yovuta kwambiri iyambeni m'mawa mutu usanadzadze. Ndipo zikakuthinani pakati pa tsiku, kasitomala wakutukwanani kapena mwatuluka mu ofesi ya abwana manja akunjenjemera, musayankhe imelo iliyonse nthawi imeneyo. Tulukani panja kapena lowani ku toileti, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, utulutseni pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6, bwerezani kwa mphindi zitatu. Kutulutsa mpweya motalika kumatsitsa kugunda kwa mtima, n'zimene zimachitika m'thupi, si zamatsenga.

7. Yang'anani nkhani ya ndalama m'maso

Tinene zoona, gawo lalikulu la sitiresi ya pa ntchito kuno kwathu ndi thumba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma salale ya anthu ambiri sinathamange nawo mtunda umenewo. Ndiye munthu akulandira pa 25, pofika pa 5 zatha, landilodi, fizi, transipoti, magetsi, kumudzi aimba kuti feteleza, malume adwala, kwagwa maliro, ku ofesi nako kuli chopereka cha ukwati wa mnzanu. Munthu wotere akakhala pa kompyuta maso ali pa sikirini koma mutu ukuwerengera ngongole, ndipo nthawi zina ndi pamene mayesero ogwira ndalama za kampani amayambira.

Chitani izi usiku umodzi, ndi akunyumba kwanu ngati muli pabanja. Lembani ngongole zonse, ya ku banki, ya banki mkhonde, adivansi, ya pa foni, ya mnzanu, ya katapila, pambali pake chiongoladzanja chake. Zimawawa kuziona koma ngongole yolembedwa siopsa ngati yongozungulira m'mutu usiku. Yambani kupha ya katapila chifukwa ndi imene imabereka msanga, ndipo musatengenso katapila wina kuti mubweze woyamba, dzenje limenelo lameza anthu ambiri a ntchito zabwino mpaka kadi ya ATM kumakhala kwa mwini ngongole. Ngati ku ntchito kwanu kuli SACCO funsani ngati angakuthandizeni kuphatikiza ngongolezo pa chiongoladzanja chotsika.

Za kumudzi, sindikunena kuti musiye kuthandiza makolo, ayi ndithu. Koma ikani mlingo wa pamwezi umene mungathe, muwauze poyera: "Amayi, mwezi uliwonse ndizitumiza mwakuti, zoposa apo sindingakwanitse pakali pano." Tsiku loyamba zimamveka zowawa, koma n'zabwino kuposa kulonjeza zimene mulibe kenako kumathawa mafoni awo. Kubetcha mpira nako kusiyeni ngati mukukuona ngati njira yotulukira, amene amapindula ndi mwini kampani yobetchetsayo.

8. Tulo, thupi ndi botolo

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Khofi, tiyi wowirira ndi ma enaje dirinki zimakhala m'magazi maola ambiri, theka lake limakhala likadalimo patatha maola pafupifupi asanu, ndiye ikakwana 2 koloko masana zisiyeni. Foni ichoke pa bedi. Maganizo a ntchito akamabwera mukagona, dzukani mulembe pa pepala zoti muchite mawa, mutu umamasuka ukadziwa kuti zasungidwa penapake.

A ma naiti, inu ndiye muli pa chiopsezo chachikulu. Mukafika kunyumba m'mawa musayambe kuchapa ndi kupita ku msika kaye, gonani. Tchingani zenera ndi bulangete kuti mukhale mdima, auzeni ana ndi aneba kuti nthawi imeneyi ndi usiku wanu, ndipo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto maso akulemera.

WHO imalangiza mphindi 150 pa sabata za kulimbitsa thupi, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Sizifuna jimu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, yendani mwandawala mpaka kathukuta, kapena bwererani ku netibo ndi mpira wa Loweruka uja munasiya.

Mowa ndiunene mosabisa. Kudzera pa bawa "kuchotsa kutopa" kumayamba ndi Lachisanu lokha, kenako Lachitatu, kenako tsiku lililonse. Umagonetsa msanga inde koma tulo take n'tosapumitsa, umakweza BP, umadya ndalama zomwe zija zikusowazi, ndipo m'mawa nkhawa imabwera yochuluka kuposa dzulo. Mukaona kuti simungagone osamwa, limenelo lasanduka vuto lachiwiri lofunika thandizo palokha.

9. Uzani munthu, ndipo dziwani nthawi yopita ku chipatala

Abambo makamaka, tamverani. Tinakula ndi mawu oti mwamuna salira, ndipo malipoti a polisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa amene akudzipha m'dziko muno ndi amuna, nkhani zake kawirikawiri ngongole ndi za m'banja. Pezani munthu mmodzi, mkazi wanu, mchimwene wanu, mnzanu wakale, abusa kapena shehe, mumuuze mmene zinthu zilili osakongoletsa. Pemphero limathandiza ambiri ndipo ine sindilichepetsa, koma pempherani uku mukupita ku chipatala, ziwirizi sizilimbana.

Pitani kwa a zaumoyo ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomaninso, simukudya, simukugona, mukudziona wachabechabe, kapena mtima umangothamanga ndi mantha popanda chifukwa. Kumeneko kungakhale kuvutika maganizo kwenikweni ndipo kumachizika, ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. M'zipatala za maboma mumakhala anamwino kapena makiliniko ofesa a za maganizo, funsani pa OPD. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Makampani ena ali ndi alangizi amene amalipiridwa kale, a HR angakuuzeni.

Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, olo kamodzi, musakhale nokha usiku umenewo. Uzani munthu lero lomwe, mupatseni asunge mankhwala a mbewu, chingwe kapena mapilisi amene ali m'nyumba, ndipo akuperekezeni ku chipatala. Inunso mukaona mnzanu wa pa ntchito wasintha, wangoti zii, akugawa katundu wake kapena akunena zoti bola kufa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo, kumamupatsa poyambira kulankhula.

10. Zikakanika kusintha

Dzipatseni nthawi, tinene miyezi itatu kuchokera tsiku limene munakamba ndi abwana. Ngati mwayesa zonsezi koma maola ndi omwewo, kutukwanidwa n'komweko, BP ikungokwera, ndiye kuti vuto si inu, ndi malowo. Pali malo ena amene anamangidwa pa kufinya anthu ndipo kupuma mokoka mpweya sikungawakonze.

Musasiye ntchito mwaukali Lolemba m'mawa. Konzani CV mwakachetechete, uzani anthu amene mumawadalira kuti mukufuna kwina, sungani kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo ngati n'kotheka tulukani mutapeza kale polowera. Tsatirani notisi ya mu kontirakiti, funsani za masiku a holide amene simunatenge, ndipo onetsetsani kuti ndalama za penshoni zimene ankakudulani zinkafikadi kumene zimayenera kupita.

Ngati akumanani ovataimu, akukanizani holide, kapena akuchotsani popanda chifukwa chomveka ndiponso osakumvani mbali yanu, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi kontirakiti, ma peyisilipu, makalata onse ndi kope lija. Musachedwe chifukwa madandaulo a kuchotsedwa ntchito ali ndi malire a nthawi. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court. Lamulo la Employment Act lija limazindikiranso kuti bwana akhoza kumuzunza munthu mpaka kusiya yekha ntchito, ndipo zikatero zimatengedwa ngati wachotsedwa, koma pamafunika umboni, n'chifukwa chake ndakakamira zolemba.

Kwa inu amene muli ndi anthu pansi panu

Olo akhale atatu, olo akhale wantchito wa pakhomo mmodzi, zambiri mwa zimene ndalembazi zili m'manja mwanu. WHO imati masiku a ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse padziko chifukwa cha nkhawa ndi kuvutika maganizo, ndiye musaganize kuti kufinya anthu kukubweretserani phindu, mukulipira kudzera m'zolakwika, m'kujomba, m'makasitomala othawa ndi m'kuphunzitsa anthu atsopano chaka ndi chaka. Munthu akalakwa muitanireni mu ofesi, osati kumukalipira pa gulupu. Mukamupatsa ntchito yatsopano mufunseni zimene ali nazo kale. Konzani rosita ya holide kumayambiriro kwa chaka kuti aliyense apite, inunso mupite kuti aone kuti n'zololedwa. Meseji ya 9 koloko usiku isungeni muitumize m'mawa. Malipiro akachedwa auzeni anthu zoona ndi tsiku lenileni, asamve mphekesera. Ndipo wantchito wanu wodalirika uja akayamba kulakwitsa zinthu zimene sankalakwitsa, musanalembe kalata ya chenjezo mukhazikeni pansi mumufunse kuti, "Achimwene, masiku ano sindikukumvetsani, chikuchitika n'chiyani?" kenako mukhale chete mumve yankho lake mpaka amalize.